Mutu 9: Gitala Lamagetsi Lamphako ndi Chuma cha Nsambo Zakale

Nsambo payokha ilibe mawu. Mukakunga waya pakati pa misomali iwiri n'kumukodola ndi chala, kaphokoso kake sikafika n'pakhomo pomwe. Ana a ku Ulongwe, ku Phalula ndi ku Ntaja amazidziwa zimenezi asanalowe n'komwe m'kalasi ya sayansi. Akafuna banjo amayamba asaka chigubu cha mafuta kapena kapoto kotha ntchito. Akachibowola n'kulowetsamo mtengo, amakungapo nsambo zosolola ku mabuleki a njinga, ndipo apo m'pamene chipangizocho chimayamba kulankhula. Nsambo ikanjenjemera imagwedeza chigubu, chigubu chimakankha mpweya, mpweyawo n'kufika m'khutu uli nyimbo.

Gitala lililonse lopanda magetsi limadalira mphako yake mwa njira yomweyo. Magetsi atabwera, mphakoyo inaoneka ngati yatha ntchito, poti mawu tsopano ankakuzidwa ndi ampulifaya. N'chifukwa chake magitala ambiri amene timaona paukwati ndi m'tchalitchi masiku ano ndi thabwa lathunthu, lopanda pobisala mpweya. Komabe pali banja lina la magitala limene linalandira magetsi osataya mphako. Ndi aakulu mimba, otukuka pankhope ndi kumsana, ndipo ali ndi timabowo tiwiri tooneka ngati chilembo cha f. Ena mwa iwo, opangidwa zaka 60 kapena 80 zapitazo, lero amagulitsidwa pamtengo woposa wa nyumba ya m'tauni. Nkhani yawo ikutikhudza ife a ku Balaka ndi Machinga, kumene gitala lalera oimba odziwika m'dziko lonse lino.

Vuto linali kusamveka

M'zaka za m'ma 1890, mmisiri wina wa ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan ku America, dzina lake Orville Gibson, anayamba kusema nkhope ndi msana wa gitala kuti zikhale zotukuka, kutengera mmene amisiri a vayolini amachitira. Kampani ya dzina lake inakhazikitsidwa mu 1902. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, katswiri wa pakampanipo, Lloyd Loar, anakonza gitala lotchedwa L-5, lokhala ndi timabowo ta f m'malo mwa bowo lozungulira lija. Linali gitala la mawu amphamvu ndithu. Koma mabandi a jazi a nthawi imeneyo ankakhala ndi malipenga ochuluka ndi ng'oma, moti woliza gitala ankangooneka manja akuyenda. Ntchito yake inali kugunda kumbuyo kuti anzake asasokere. Zoti iye n'kutsogolera nyimbo, panalibe.

Yankho linachokera ku maginito. Mu 1932, George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anayamba kugulitsa gitala lamagetsi loliza litagonekedwa pamiyendo. Mu 1936 kampani ya Gibson inatenga gitala lake lamphako n'kulimangirira kachipangizo kotola mawu ku nsambo, kotchedwa pickup, ndipo inalipatsa dzina loti ES-150. Nambalayo inali mtengo wake: madola pafupifupi 150, pamodzi ndi ampulifaya ndi chingwe chomwe.

Amene anaonetsa dziko mphamvu ya chipangizo chatsopanochi anali mnyamata wakuda wokulira ku Oklahoma City, Charlie Christian. Mu 1939 analowa m'bandi ya Benny Goodman, ndipo anthu anadabwa kumva gitala likuyendetsa nyimbo nsambo imodziimodzi, momveka bwino pakati pa malipenga. Chifuwa chachikulu chinamutenga mu 1942 ali ndi zaka 25 zokha. Koma aliyense woliza lidi lero, kaya ku Liwonde kaya ku Kinshasa, akuyenda m'njira imene mnyamata ameneyu analambula.

Liyang'aneni pafupi

Tiyerekeze kuti mwanyamula Gibson ES-175, gitala limene linatuluka mu 1949 pamtengo wa madola 175 ndipo linakhala chida cha akatswiri a jazi monga Joe Pass, Jim Hall ndi Pat Metheny. Choyamba kukudabwitsani ndi kupepuka kwake. Mimba yake ndi yotambalala masentimita pafupifupi 41, yakuya kupitirira masentimita 8, koma kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 3, pamene magitala ambiri athabwa lathunthu a Gibson otchedwa Les Paul amafika makilogalamu 4 kapena kuposa. Mukagogoda pankhope pake ndi chala limayankha. Mukasuzumira pabowo la f muona mitanda iwiri yamatabwa yomatidwa kunsi kwa nkhope kuti isaphwanyike ndi mphamvu ya nsambo, mawaya amagetsi, ndi kapepala komatidwa kumsana kolembedwa mtundu wa gitalalo ndi nambala yake.

Nsambo zake sizimangidwa pankhope. Zimakoledwa pachitsulo chimene chagwira kumatako kwa gitala, n'kudutsa pamwamba pa kathabwa kozikweza, kamene oimba amati bridge. Kathabwa kameneka sikomatidwa ndi guluu kapena kukhomedwa ndi msomali. Kamangokhala pamalo pake chifukwa nsambo zakapanikiza, ndipo kugwedezeka konse kwa nsambo kumadutsa mwa iko kupita kunkhope.

Pickup ndi maginito ozengedwa ndi kawaya ka kopa kowonda ngati tsitsi, kozungulira maulendo masauzande. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake imasokoneza mphamvu ya maginito, ndipo m'kawayamo mumabadwa timagetsi tochepa totsatira kanjenjemeredwe ka nsamboyo. Ampulifaya imakuza timagetsi timeneti, sipika n'kutisandutsa mawu. N'chifukwa chake nsambo zanayiloni sizigwira ntchito pa gitala lotere: maginito sazimva.

Apa munthu angafunse kuti, ngati pickup imamva nsambo yokha, mphako ikuthandiza chiyani? Nkhope yopyapyala ija imalanda gawo la mphamvu ya nsambo n'kuyamba kugwedezeka nayo limodzi, ndipo pickup imene yakhala pankhopepo imagwedezekanso. Zotsatira zake, liwu limatuluka lonenepa, lofunda, loyamba ndi kakugunda ka thabwa, kenako limazilala msanga. Gitala lathabwa lathunthu limakoka liwu nthawi yaitali, lakuthwa. Lamphako limalankhula mawu amodziamodzi, lililonse kumveka palokha, ndipo limaulula chilichonse chimene chala chachita. Wes Montgomery, amene ankaliza L-5 ndi chala chachikulu chokha, anatulutsa liwu lofewa limene oimba akulisakabe mpaka lero. Kalizidwe ka chala chachikulu ndi chamkombaphala, kamene akatswiri ambiri a gitala a kuno ku Africa anakulira, kamagwirizana bwino ndi gitala la mtundu umenewu.

Likakwiya limalira lokha

Mphako yomweyo imene imakometsa liwu ndiyo imabweretsa vuto. Aliyense amene anakhalapo pamsonkhano akudziwa kulira kwa tswiii kumene kumabuka maikolofoni ikayandikira sipika. Gitala lamphako limachita zomwezo. Mawu ochokera m'sipika amagwedeza nkhope yake, nkhope imagwedeza nsambo, pickup imatola n'kutumizanso kusipika, ndipo zikazungulira motero gitala limayamba kubuula lokha, mwini wake asanalikhudze.

Mabandi atayamba kukweza mawu, amisiri anasaka njira ziwiri. Yoyamba inali kuchotseratu mphako. Leo Fender anatulutsa gitala lathabwa lathunthu mu 1950, limene posakhalitsa linatchedwa Telecaster, Gibson inayankha ndi Les Paul mu 1952, ndipo Stratocaster ya Fender inabwera mu 1954. Njira yachiwiri inali kugawana pakati. Mu 1958, Ted McCarty akutsogolera kampani ya Gibson, kunatuluka ES-335, gitala lopyapyala masentimita osafika 5, lokhala ndi chipika cha mtengo wolimba pakati ndi mphako m'mbali zonse ziwiri. Chipikacho chimaletsa kubuula, mphako za m'mbali zimasunga kufunda kwa liwu. Chaka cha 1957 Gibson inali itayambanso kuika pickup yatsopano yokonzedwa ndi Seth Lover, ya makoilo awiri olimbana, imene imapha kung'ung'udza kwa magetsi. Zoyambirira zake zili ndi kachizindikiro kumsana kolembedwa kuti Patent Applied For, ndipo lero pickup imodzi yokha yoteroyo imagulidwa ndi madola masauzande.

Mfumu ya nyimbo za blues, B.B. King, inalimbana ndi vutoli potsekera nsanza m'timabowo ta f, mpaka mu 1980 Gibson inamupangira gitala lamphako lopanda timabowo. Magitala ake onse ankatchedwa Lucille, ndipo dzinali lili ndi mbiri. Mu 1949 akuimba m'nyumba ya dansi ku Twist, m'chigawo cha Arkansas, amuna awiri anayamba ndewu n'kugubuduza mgolo wa palafini woyaka umene unkatenthetsa m'nyumbamo. Anthu onse atathawira panja, King anakumbukira gitala lake la madola 30, n'kubwerera m'moto kukalitenga. Atamva kuti ndewuyo inali yolimbirana mayi wotchedwa Lucille, anapatsa gitalalo dzina lomwelo kuti lizimukumbutsa kusadzachitanso zoika moyo pachiswe.

Makampani enanso anali nawo magitala awo amphako. Gretsch inatulutsa 6120 ya Chet Atkins ndi White Falcon pakati pa zaka za m'ma 1950. Epiphone, imene Gibson inaigula mu 1957, inatulutsa Casino mu 1961, ndipo atatu mwa anyamata a The Beatles anailiza. Ku Germany kunali Höfner ndi Framus, ku Italy kunali Eko, ku Japan kunali Teisco, Aria, Yamaha ndi Ibanez. Ambiri mwa amenewa anali otsika mtengo poyerekeza ndi a ku America, choncho ndi amene oimba ochepa ndalama ankawakwanitsa.

Njira zimene gitala linadzera pofika kuno

Gitala ndi banjo zinafala m'midzi yathu ndi anthu apaulendo. Asilikali a King's African Rifles anabwera nazo pochokera kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945. Amuna opita kumigodi ya Johannesburg kudzera ku Wenela, ndi ena okagwira ntchito ku Salisbury ndi Bulawayo, ankabwerako ndi sutikesi, njinga, galamafoni ndi gitala paphewa. M'zigawo zonse za kumwera kwa Africa gitala lotchuka la anthu wamba linali Gallotone, lopangidwa ku South Africa, lopanda magetsi. Wailesi ya ku Lusaka, imene inkaulutsa m'Chinyanja mpaka kuno, inabweretsa m'makomo gitala la Alick Nkhata. Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka anatenga kwela ali ana ku Salisbury n'kudzaipatsa kakomedwe ka kwathu.

Liwu la gitala lamagetsi linafika kwambiri kudzera m'mbale ndi pawailesi, makamaka kuchokera ku Congo. Kumeneko woimba jazi wa ku Belgium, Bill Alexandre, anafika nalo ku Léopoldville kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo Franco Luambo Makiadi ndi Docteur Nico analisandutsa mtima wa rumba. Kumwera, Philip Tabane wa gulu la Malombo ankaliza Gibson yamphako motsagana ndi ng'oma zamakolo, ndipo Jimmy Dludlu, mbadwa ya ku Mozambique, akupitiriza kuliza jazi ya ku Africa pa magitala a banja lomweli.

Palinso ulusi wina umene ukulumikiza gitala lamphako ndi Balaka, ndipo umadzera ku Jamaica. Ernest Ranglin, wobadwa mu 1932, ndi katswiri wa jazi woliza magitala amphako. Iye ndi mmodzi mwa amene anaumba kagundidwe ka ska m'nyumba zojambulira nyimbo za ku Kingston, kugunda kwachidule kogwera pakati pa masitepe. Ska inabala rocksteady, rocksteady inabala reggae, ndipo reggae itawoloka nyanja inapeza kwawo kwachiwiri pa Balaka.

Balaka, mudzi wa oimba

Mu 1978, pamene Alleluya Band inkabadwa paparishi ya Katolika ya Balaka mothandizidwa ndi wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, dera lonseli linali m'boma la Machinga. Balaka inadzaima payokha ngati boma mu 1998. Choncho mbiri ya bandi imeneyi ndi ya maboma onse awiri.

Paul Banda ndiye anali msanamira ya gululi: woliza gitala, wopeka nyimbo, kenako wojambula nyimbo pa Imbirani Yahwe Studio. M'zaka za m'ma 1990, nthawi ya makaseti, oimba ankachoka kutali kudzajambulitsa ku Balaka, ndipo kagundidwe ka kumeneko kanadzaza mabasi, magolosale ndi mawailesi m'dziko lonse. Mng'ono wake, Lucius Banda, wobadwa mu 1970 kwa Sosola, anakulira m'bandi yomweyo asanayambitse Zembani Band mu 1997. Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Mlaka Maliro ndi Billy Kaunda ndi ena mwa amene mayina awo anakwera kudzera m'nyimbo za ku Balaka.

Pofika nthawi imeneyo dziko lonse linali litakondera gitala lathabwa lathunthu ndi kiyibodi, ndipo zifukwa zake n'zomveka kwa aliyense woimba pabwalo: lathabwa silibuula masipika akakwezedwa, limapirira kugundidwa m'lole, ndipo silidula kwambiri. Koma woimba wa ku Balaka akapeza mwayi wogwira lamphako, aona kuti liwu lake lozilala msanga limakhala bwino pa ridimu ya reggae, ndiponso m'tchalitchi mmene gitala liyenera kuperekeza kwaya osaimeza. Chachikulu n'chakuti tauni imene yakhala ikuimba kwa zaka zoposa 45 yadutsitsa zida zambiri m'manja mwa anthu. Zina zinatha, zina zili m'masitolo a maparishi, kuseri kwa makabati ndi pansi pa mabedi.

N'chifukwa chiyani lakale limadula?

Zinthu zitatu ndizo zimakweza mtengo wa gitala lakale. Choyamba ndi kusowa. Fakitale ya Gibson ya ku Kalamazoo inatsekedwa mu 1984, ndipo magitala amene anatuluka mmenemo m'zaka za m'ma 1950 sangachuluke, akungochepa ndi moto, madzi ndi ngozi. Ankapangidwa ochepa, ntchito yambiri ili ya manja, moti awiri a chaka chimodzi samveka mofanana ndendende.

Chachiwiri ndi kukhala losasinthidwa. Wogula wodziwa amafuna gitala lili ndi zonse zimene linatuluka nazo m'fakitale: pickup, zokungira nsambo, timabatani, ngakhale chikwama chake. Vanishi wakale amang'aluka timizere ting'onoting'ono, ndipo kumbuyo kwa khosi kumakhala kopukutika ndi dzanja. Mwini wosadziwa amaona ngati ndi litsiro n'kulipaka penti watsopano, osadziwa kuti akatero mtengo ungatsike ndi theka.

Chachitatu, chimene chimaposa zonse, ndi mbiri ya manja amene analigwira. ES-335 ya 1964 ya Eric Clapton inagulitsidwa pa okushoni ya Christie's ku New York mu 2004 pamtengo wa madola 847,500. Mmodzi mwa ma Lucille a B.B. King anapita pa madola 280,000 mu 2019. Besi yamphako ya Höfner imene Paul McCartney anagula ku Hamburg mu 1961 ndi mapaundi 30 inabedwa ku London mu 1972, ndipo anthu anaisaka mpaka inapezeka kudenga la nyumba ina ku England. Nkhani yoti yabwerera kwa mwini wake inamveka dziko lonse mu February 2024. Chitsanzo chotiyandikira kwambiri ndi ichi: gitala loyamba la John Lennon linali Gallotone Champion ya ku South Africa, mtundu womwe uja wa anthu wamba, ndipo mu 1999 linagulitsidwa ku London pamtengo woposa mapaundi 150,000. Thabwa lake silinali lapamwamba. Chimene anthu anagula ndi umboni woti nyimbo zimene zinagwedeza dziko zinayambira pa nsambo zimenezo.

Kumene kuli ndalama sikusowa akathyali. Magitala abodza olembedwa mayina a makampani otchuka ali mbwee pamsika, ndipo chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Wogula asuzumire pabowo la f n'kuwerenga kapepala ka m'kati, ayerekeze nambala yake ndi mndandanda wa kampaniyo umene umapezeka pa intaneti. Pa magitala ambiri a ku America, tizitsulo ta kunsi kwa mabatani okwezera mawu tili ndi manambala osonyeza chaka ndi sabata imene tinapangidwa. Ayang'ane khosi kuchokera kumutu ngati lili lowongoka, afufuze ngati mutuwo unathyokapo n'kumatidwa, aone ngati nkhope yayamba kulowa m'kati pansi pa bridge. Wogulitsa nayenso asathamangire mtengo woyamba umene wamva. Safunsa anadya phula.

Mitengo yake, ina ndi ya kwathu

Magitala amphako apamwamba kwambiri, monga L-5, nkhope yake imasemedwa kuchokera ku thabwa lochindikala la spruce, mtengo wopepuka wa kumaiko ozizira, pamene msana ndi mbali zimakhala za maple. ES-175 ndi ES-335 anapangidwa ndi timatabwa topyapyala tomatikiza n'kupanikizidwa m'chikombole, zimene zimachepetsa kubuula. Khosi nthawi zambiri limakhala la mahogany, ndipo pamene zala zimaponda pamakhala rosewood kapena ebony.

Abale a mitengo imeneyi ali m'nkhalango zathu. Mbawa ndi mahogany wa ku Africa, ndipo mitengo ya mtundu wake imagwiritsidwa ntchito ndi makampani a magitala lero. Phingo, amene osemasema a m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde amamudziwa bwino, ndi wa banja limodzi ndi rosewood, ndipo ndi amene amapangira zitoliro zodula monga clarinet ndi oboe. Tsanya, amene wadzaza nkhalango ya Liwonde National Park, nayenso wayamba kusemedwa zitoliro. Rosewood wa ku Brazil anadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutha, ndipo mu 1992 pangano la maiko la CITES linaletsa malonda ake odutsa malire. Ichi n'chifukwa china chimene magitala akale okhala ndi mtengo umenewu akudulira. Mu 2017 panganoli linaika malamulo pa banja lonselo, phingo wathu ali momwemo. Mtengo umene ukanaimba zaka 100 m'manja mwa woimba ukapsa m'uvuni wa makala, dziko limakhala lataya zambiri kuposa mtengo wa thumba limodzi.

Kulisamala m'dziko lotentha

Balaka ndi Liwonde ndi malo otentha, makamaka mu October ndi November, kenako dzinja limabwera ndi chinyezi. Thabwa limauma n'kukhwinyata m'chilimwe, limafufuma m'dzinja, ndipo gitala lamphako, pokhala lopyapyala, limamva kusinthaku kuposa lathabwa lathunthu. Mdani wamkulu ndi kutentha kotsekeredwa. Guluu wakale amafewa gitala likasiyidwa m'galimoto yotseka padzuwa kapena pafupi ndi malata, ndipo khosi limayamba kusuntha. Malo ake ndi m'chikwama, m'chipinda chozizira bwino, motalikira khoma lonyowa ndi pansi pamene chiswe chingafike.

Mukatha kuliza, pukutani nsambo ndi zitsulo ndi kansalu kouma, chifukwa thukuta ndilo limabala dzimbiri. Posintha nsambo chotsani imodziimodzi. Mukazichotsa zonse pakamodzi bridge imagwa, ndipo ikabwerera pamalo olakwika ngakhale pang'ono gitala silichunika. Ngati likhala miyezi osalizidwa, masulani nsambo pang'ono. Kapulasitiki kakale kotchinga nkhope kakayamba kuphwanyika ndi kutulutsa fungo lowawasa, kachotseni n'kukasunga padera, poti mpweya wake umadya zitsulo. M'kati mwa khosi muli ndodo yachitsulo yowongolera. Imeneyo aziikhudza ndi mmisiri wodziwa, chifukwa ikathyoka kukonza kwake n'kovuta. Ampulifaya yakale ya ku America inapangidwira magetsi a mavoti 110 mpaka 120, pamene athu ndi 230, choncho kuilumikiza popanda thiransifoma n'kuiwotcha. Chilichonse chimene mwachotsa pa gitala lakale, ngakhale kasikuluwu, chisungeni.

Mbiri ilembedwe eni ake alipo

Msika wa ku New York ndi London watiphunzitsa kuti gitala limalemera ndi mbiri yake. Phunziro limeneli tisalitenge ngati nkhani ya azungu okha. Gitala limene linaliza nyimbo zoyamba za Alleluya Band, besi imene inajambula makaseti a ku Balaka, banjo ya mkulu amene ankasangalatsa anthu pamsika wa Ntaja kapena pasiteshoni ya sitima ya Nkaya, zonsezi kwa Amalawi zili ndi ulemu womwe gitala la Clapton lili nawo kwa anthu a kwawo, kaya zinapangidwa ndi kampani yotchuka kaya ndi mmisiri wa m'mudzi. Koma chida chopanda umboni chimangokhala thabwa lakale, ndipo tsiku lina mwana amalitenga kukasewera nalo, kapena wogula zakale amalinyamula pamtengo wa nkhuku.

Kwa Singano ku Chileka, Moya Aliya Malamusi ndi anzake anaonetsa kuti n'zotheka kusunga zida, zithunzi ndi nyimbo za oimba pamudzi pomwe anakhala. Nyumba yosungira zakale ya ku Chichiri mu Blantyre iliponso. Balaka, imene yapatsa dziko lino nyimbo zochuluka chotere, ikuyenera chipinda chakechake choonetsera zida za oimba ake, kumene mwana wasukulu angaone ndi maso gitala limene makolo ake anavinira.

Poyambira pake sipafuna ndalama. Banja, parishi kapena bandi imene ili ndi chida chakale ikhale pansi ndi amene akuchidziwa, ilembe papepala mwini wake woyamba, kumene anachigula ndi chaka chake, mabandi amene chinalowamo ndi nyimbo zimene chinajambula. Ijambule chithunzi cha chidacho ndi nambala yake, isake zithunzi zakale zimene chikuonekamo, pepalalo lisungidwe m'chikwama momwemo ndipo lina likhale kwa wachibale. Imfa ya Lucius Banda pa 30 June 2024 inatikumbutsa kuti m'badwo umene unamanga nyimbo za ku Balaka sudzakhala nafe mpaka kale. Amene angatiuze kuti gitala ili linali la yani ndipo linaimba kuti akadalipo, ndipo nthawi yowafunsa ndi inoyi.